Dzina la Uwani pa Tsamba Loyamba

Fagge, Kano
9 Febuluwale 1998

Mng'ono wanga Uwani,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe. Mayi ali bwanji ndi mawondo awo aja? Nanga achimwene a Haladu, alamu a Kande ndi ana? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya fumbi yanding'amba milomo ndi zidendene zomwe.

Isyaku, dalaivala wa lole ya chitowe uja, akupatsa kaphukusi. Muli nsalu ya Mayi, sopo ndi mabuku asanu. Inde, gawo lachiwiri la Mtima Ulibe Mlonda latuluka Lachisanu, ndipo lero Lolemba ogulitsa a ku msika wa Sabon Gari akufuna ena kale. Ndikudziwa kuti amayi amene mumasonkhana nawo kwa Hajiya Marka ikatha swala, pemphero lathu la masana, andinena mokwanira chifukwa chochedwa. Uwauze kuti buku si chitumbuwa choti ungoponya m'mafuta. Ndimalemba pamanja m'makope a ana asukulu, wonditayipira ali ndi makina amodzi ndi akazi awiri, ndipo osindikiza magetsi akazima amangogona pa mapepala anga.

Uwachenjezeretu kuti gawoli likuthera poipa. Dije wathu ndamusiya ataima pa chipata cha kuseri, nsapato zili m'manja. Mawa lake ndi tsiku lomupereka kwa nkhalamba yogulitsa mapira ija, ndipo telala amene amamukonda sakudziwa kanthu. Atuluka kapena abwerera m'nyumba? Asandifunse, adikire gawo lachitatu.

Koma usanayambe kuwawerengera, tsegula tsamba loyamba, la kuthokoza lija. Ukudziwa mwambo wathu olembafe. Pa tsamba limenelo timatchula aliyense, makolo, aphunzitsi, wotayipa, ngakhale mnansi amene anatibwereka mpando, ndipo amene waiwalika amakwiya chaka chathunthu. M'gawo loyamba ndinakuiwala, ndipo sindinaiwale mmene unandifufumira nkhope nditabwera kumudzi. Ulendo uno ndakupatsa mizere itatu yako wekha: "Kwa mng'ono wanga wokondedwa Uwani Tukur wa ku Gumel, amene masana aliwonse amawerengera amayi a m'dera lathu mabuku anga. Mulungu adalitse mawu ake." Dzina lako lifika ku Sokoto ndi ku Zinder mwini wake usanakwereko ndi basi yomwe.

Tsopano ndiuze za ukwati. Ndamva kuti akuchimuna anabweretsa kale lefe, masutikesi anayi odzaza katundu wa mkwatibwi. Muli nsalu zanji? Tsiku likadali lomwe lija, milungu iwiri chikapita chikondwerero cha Idi ya nkhosa? Nanga mphunzitsi wako Nafi'u akadayang'anabe nsapato zake akamalankhula nawe? Mnyamata ameneyo ndimamukonda. Ine banja linandikanika, koma lako ndidzalivinira mpaka andinyamule.

Ndiyankhe kudzera mwa Isyaku yemweyo.

Ine mkulu wako,
Lantana

Gumel
2 Malichi 1998

Kwa mlongo wanga Lantana,

Ndikupereka moni m'dzina la Mulungu wachifundo. Mayi alipo, ana alipo. Za moyo wako sindifunsa, chifukwa ndaona kuti dzanja lako lili ndi mphamvu zochuluka.

Ukuwadziwa Alhaji Mudi, bambo aakulu a Nafi'u, amene akuyendetsa za ukwati kuchimuna popeza bambo ake omubala anatisiya. Mlungu wapitawu anali kufunafuna makiyi a sitolo m'chipinda cha mkazi wawo wachitatu, ndipo m'mbale imodzi mwa zija akazi amasanja kukhoma anapezamo buku lako. Sanavutike n'kuwerenga nkhaniyo. Tsamba loyamba linawakwanira. Lachisanu titatuluka mu mzikiti anaima pakhomo n'kuwerenga mizere itatu ija mokweza, anthu onse akumva.

Amuna a dera lino ankadziwa kuti akazi awo amapita kwa Hajiya Marka kukasoka zipewa. Ndi chilolezo chimenecho chokha amatuluka m'nyumba. Tsopano amva, ndipo amva ndi dzanja lako, kuti amapita kukamvera mlongo wanga wosakwatiwa akuwawerengera za chikondi. Amuna asanu ndi mmodzi abwera kale pakhomo panga. Ine ndimaphunzitsa ana awo chipembedzo, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Akuchimuna anena kuti mtsikana wolowa m'nyumba za eni n'kumasokoneza mitu ya akazi sangamulandire. Ndawagwadira, ndipo avomera kudikira pa mfundo zitatu. Yoyamba, gawo lachitatu lisatuluke. Yachiwiri, dzina la Uwani lichotsedwe m'mabuku onse amene sanagulidwe. Yachitatu, ulembe kalata yopepesa imene idzawerengedwe pamaso pa akuluakulu. Zikapanda kutero adzabwera kudzatenga masutikesi awo.

Malemu bambo athu Malam Tukur anakuphunzitsa zilembo kuti uziwerenga mawu a Mulungu, osati kuti uziphunzitsa akazi a eni kunyamula nsapato m'manja pa chipata cha kuseri. Banja lako unalisiya, tinakhala chete. Unapita kukakhala wekha ku Kano, tinameza. Ili ndi banja la mwana amene sanakulakwire, ndipo ine monga mutu wa khomo lino sindilola kuti lithe chifukwa cha nthano za telala.

Yankho lako lifike Idi isanakwane.

Ine mchimwene wako,
Malam Haladu Tukur

Fagge, Kano
6 Malichi 1998

Achimwene,

Moni wanu ndamulandira ngakhale anali wouma. Mundiperekere moni kwa Mayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili chiimire chifukwa pansi sipanakhalike.

Ndiyambe ndi funso. Makiyi a sitolo amafunidwa m'mbale za mkazi? Alhaji Mudi akanapeza makiyi awo m'thumba la mkanjo wawo, bwenzi tonse tili pa mtendere. Ine sindinawalembe m'buku langa. Nkhalamba yanga imagulitsa mapira, iwo amagulitsa zikopa. Ngati adziona mmenemo chifukwa mkazi wawo wachitatu ndi msinkhu wa Uwani, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Mwati banja langa ndinalisiya ndipo munakhala chete. Zoona, kukhala chete mumakudziwa. Munali pomwepo pamene ankandipereka kwa Magaji ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinu munanyamula bokosi langa. Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala kuseri kwa mpanda wake. Tsiku limene anandigulula dzino palibe anaima pakhomo la mzikiti kuwerenga kanthu mokweza, ndipo palibe anamulembera mfundo zitatu.

M'buku langa mulibe mwamuna wogwira dzanja la mkazi amene si wake. Dije amaswali kasanu pa tsiku. Tchimo lake n'kufunsa kuti bwanji akumupereka osamufunsa, ndipo inu mphunzitsi wa chipembedzo mukudziwa kuposa ine kuti mtsikana ayenera kufunsidwa. Bwerani mudzaone makalata amene ndimatapa ku positi ofesi mlungu uliwonse. Ena amalembedwa pa mapepala a matumba a simenti. Mayi wina wa ku Hadejia anandilembera kuti atamva gawo loyamba anakana kupereka mwana wake wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo mwanayo lero ali pasukulu. Amayi amenewa muwatseka m'mipanda m'nyengo yotentha ino, tsiku lonse ndi mapoto ndi ana, ndiye mukuopanso kabuku kochepa ngati chikhatho?

Yankho langa ndi ili. Gawo lachitatu lili kale kwa wotayipa ndipo lituluka. Tsamba la kuthokoza si malo a manyazi, ndiye dzina la mng'ono wanga silichoka. Kalata yopepesa sindilemba, chifukwa sindinabe mbuzi ya munthu.

Musanjenjemere, Achimwene. Anthuwa akungoopseza. Ndani anabwezapo masutikesi anayi chifukwa cha mizere itatu? Nafi'u ndi munthu wophunzira ndipo Uwani amamukonda, sangalole. Pofika Idi adzakhala atapeza nkhani ina yotafuna.

Chomaliza. Mwati Alhaji Mudi anangowerenga tsamba loyamba. Nanga za nsapato m'manja ndi chipata cha kuseri inu munazidziwa bwanji? Zimenezo zili pa tsamba lomaliza.

Ine mlongo wanu,
Lantana

Gumel
15 Malichi 1998

Achemwali,

Mtendere ukhale nanu. Mayi akuti nsalu alandira, Mulungu akubwezereni. Mwafunsa za nsalu za m'masutikesi. Sindikuuzani, chifukwa sindikudziwa ngati zikadali zanga.

Kalata yanu Achimwene anatiwerengera pabwalo, Mayi ali pomwepo. Mwalemba bwino. Inu nthawi zonse mumalemba bwino.

Koma ndikufunseni chinthu chimodzi. Dije wanu akulira kuti akumupereka osamufunsa. Nanga ine munandifunsa musanapereke dzina langa kwa osindikiza? Zaka zitatu takhala tikubisa nkhani imeneyi. Amayi amabwera ndi zipewa ndi singano, buku limakhala pansi pa ulusi, ndipo tikamva sitepe ya mwamuna Hajiya Marka amayamba kukalipa za mtengo wa ulusi. Zonsezi mumazidziwa, ndinakufotokozerani ndekha mukuseka. Ndiye munaganiza kuti tsamba loyamba amawerenga akazi okha?

Inu muli ku Kano. Mukatseka chitseko chanu palibe wokufunsani. Ine ndikatuluka kukagula mafuta anyamata a pa sitolo amafunsana mokweza kuti lero tiwerenga tsamba lanji. Amayi amene ankandipatsa fura, chakumwa cha mapira ndi mkaka wozizira, kuti mawu anga asaphwe, lero akandiona amatembenuka, chifukwa ena a iwo alawa zowawa m'nyumba zawo chifukwa cha ine.

Nafi'u ankabwera Lachinayi lililonse kudzacheza pa chipata. Milungu itatu tsopano sanabwere. Mukuti sangalole, koma iye analeredwa ndi Alhaji Mudi, sukulu anamulipirira ndi iwowo, ndipo nyumba imene timati tidzakhalemo ili mumpanda wawo.

Achemwali, ine si Dije. Palibe anandikakamiza. Munthuyu ndinamusankha ndekha, ndipo ndikumufuna. Mukumenyera ufulu wa atsikana a ku Hadejia amene simunawaonepo, nanga wanga ine wobadwa nanu m'mimba imodzi? Zimene Magaji anakuchitani zinandipweteka ndili mwana, ndipo zimandipwetekabe. Koma si Nafi'u anakugululani dzino.

Chonde chitani zimene akufuna. Buku mudzalemba lina, mutu wanu uli ndi nkhani zambiri. Ndikuopa, Achemwali, ndipo ndakukwiyirani kwambiri.

Ine mng'ono wanu,
Uwani

Gumel
29 Malichi 1998

Alamu a Lantana,

Moni wambiri. Ndine Kande, mkazi wa achimwene anu. Mukhululuke dzanja langa, ndi la sukulu ya akuluakulu, zilembo zake zimayenda ngati nkhuku zothyoka miyendo. Ndikulemba iwo ali ku madrasa ndipo sakudziwa. Muli bwanji kumeneko ndi kutenthaku? Kuno ngakhale madzi a mumtsuko akufunda.

Kalata ya Uwani simunayankhe. Milungu iwiri tsopano, akamva lole ya Isyaku amathamangira pa chipata, n'kubwerera chimanjamanja.

Gulu lathu linatha. Amuna a Hajiya Marka anakhoma chitseko cha pakati. Asabe, mmodzi wa amayi a gululi, amuna ake anamutumiza kwa makolo ake mlungu wathunthu kuti akaganize bwino. Ine achimwene anu anandilanda buku langa kuti akaliotche, koma phulusa lake sindinalione mpaka lero.

Musawaone ngati mwala achimwene anuwo. Apita katatu kwa Alhaji Mudi. Ulendo wachitatu anawasiya panja pa mphasa kuyambira swala ya masana mpaka dzuwa kupendeka, munthu wophunzitsa ana awo. Atabwera sanadye.

Koma ndikulembera za mwanayu. Wawonda, alamu. Chibangili chimene chinkamuthina tsopano chikufika pa chigongono. Masana amalowa m'chipinda cha Mayi mmene muli masutikesi, amatsegula, amatulutsa nsalu zonse, amazipinda bwinobwino n'kubwezeramo. Mawa lake chimodzimodzi. Salira, ndipo n'chimene chikundiopsa. Mayi amangoyendetsa mikanda yawo ya pemphero.

Akuchimuna anena kuti adzabwera Lamulungu lotsatira Idi kudzamva mawu omaliza.

Ine sindikukuuzani chochita, ndine mkazi wosaphunzira. Zimene munalembera achimwene anu ndinazimva ndili kuseri kwa chitseko ndipo mtima wanga unavina. Zonse zinali zoona. Koma nkhondo imeneyi inu mukuimenya ndi msana wa mwana. Ndodo zikugwera kuno, kwa inu kukungofika phokoso.

Muyankhe msanga, magalimoto ayamba kuvuta chifukwa mafuta akusowa.

Ine mlamu wanu,
Kande

Ndinaiwala. Dije atuluka pa chipata paja kapena ayi? Mundiuze ine ndekha, sindiuza munthu.

Fagge, Kano
3 Epulo 1998

Achimwene, ndi iwe Uwani,

Mtendere ukhale pa khomo lathu. Mundiperekere moni kwa Mayi ndi kwa alamu anga.

Uwani, kalata yako ndinailandira. Ndinakulembera mayankho atatu ndipo onse ndinang'amba, chifukwa m'mayankho onsewo ndinali kupambana. Funso lako lilibe yankho. Sindinakufunse. Ndinkafuna kukunyadira pamaso pa dziko, ndipo sindinaime n'kuganiza kuti dziko lomwelo ndi limene iwe umagulamo mafuta. Ndinalakwa, ndipo zikundiwawa kuposa dzino lija.

Dzulo ndinapita kwa wotayipa kukatenga makope anga asanu a gawo lachitatu. Anali atatayipa theka. Anandifunsa ngati ndapenga, ndinati inde. Kuchoka apo ndinagula lezala n'kupita ku msika. Ndinayenda tebulo ndi tebulo, buku lililonse limene linatsala ndinadula tsamba loyamba ndi dzanja langa, ogulitsa akundiseka. Wina anati, "Hajiya, mwayamba kumeta ana anu omwe?" Masambawo ndawamanga ndi ulusi, ali m'phukusi lomweli, kuti Alhaji Mudi awaone ndi maso awo.

Kalata yopepesa ilimonso. Ndalemba mawu onse amene makutu awo akufuna. Muiwerenge pamaso pa akuluakulu, mokweza ngati mufuna.

Koma Achimwene, mumve bwino. Ndagonjera Uwani, sindinagonjere Alhaji Mudi. Mu mtima mwanga sindinachotsemo chilembo n'chimodzi chomwe. Bukulo si lonyansa, amayi omvera aja si ochimwa, ndipo tsiku la chiweruzo ndidzanena zomwezi. Dije akhala ataima pa chipata paja mpaka kalekale, ndipo amene amandilembera makalata adzanditukwana. Ndalola. Mng'ono wanga ndili naye mmodzi.

Uwani, idya. Mkwatibwi wowonda amachititsa manyazi ophika. Undiuze ngati akuchimuna alola kuti ndibwere ku ukwati. Akakana sindidandaula, ndidzavina ndekha kuno.

Phukusili ndikupatsa Isyaku lero. Akuti anyamuka mawa akapeza mafuta.

Ine,
Lantana

Gumel
19 Epulo 1998

Achemwali anga,

Mtendere ukhale nanu. Idi tinadya, nkhosa inaphedwa, Mayi ali bwino. Inu munadya ndi ndani?

Phukusi lanu lafika dzana, pa 17. Isyaku akuti lole yake inakhala pa mzere wa mafuta masiku khumi ndi awiri, ndipo phukusi linali pansi pa mpando nthawi yonseyo. Akuchimuna anabwera pa 12, monga ananenera. Tsiku limenelo yankho lanu lokhalo limene tinali nalo linali loyamba lija, lokana zonse.

Anabwera amuna asanu, Nafi'u ali pakati pawo, n'kukhala m'chipinda cha alendo cha pa chipata. Azakhali a Nafi'u ndi akazi awiri a Alhaji Mudi analowa mkati kwa Mayi, ndipo amayi ena a m'dera anabwera ngati odzapempha moto. Ine anandiimika pa khomo la pakati, kuseri kwa nsalu yotchinga.

Alhaji Mudi anati popeza mkulu wanga waumitsa khosi, iwo ndi anthu achifundo, apeputsa mlandu. Ndingogwira Buku Lopatulika la mu mzikiti n'kulumbira kuti sindinawerengerepo mkazi wa munthu mabuku amenewa, kuti inu munanama, ndiponso kuti ndikalowa m'banja sindidzapondanso pakhomo panu. Ndikatero ukwati uchitika pa tsiku lake.

Ndikuuzani zoona, Achemwali, chifukwa ndatopa ndi kubisa. Ndinali nditasamba kale m'manja kuti ndigwire Bukulo. Ndinali wokonzeka kunama pamaso pa Mulungu ndi kukutayani. Umo ndi mmene ndinkamufunira.

Ndiye Alhaji anatembenukira kwa Nafi'u. Anati, "Mwana wanga, uwauze anthuwa mmene tinakulerera. Iwe unayamba wagwirapo mabuku amenewa?"

Nafi'u anati, "Mulungu andipulumutse, Bambo. Sindinagwirepo, ndipo m'nyumba mwanga simudzalowa. Amalemba zimenezi ndi akazi amene mabanja anawakanika, akufuna kuti anzawo nawonso akhale pabwalo."

Achemwali, pali chinthu sindinakuuzenipo. M'bokosi langa munali makalata khumi ndi imodzi amene Nafi'u anandilembera pondifunsira. Onse anawakopera m'gawo loyamba la buku lanu, m'makalata a telala opita kwa Dije. Ndinazindikira tsiku loyamba lomwe, nanga si ndine ndimawerenga? Koma ndinakhala chete. Ndinkati munthu wamanyazi wabwereka mawu ngati mmene timabwerekera mkanjo wa pa ukwati, mtima uli mkatimo ndi wake. Mpaka m'kalata ina anaiwala kusintha, mphunzitsi wa masamu n'kundilembera za makina ake osokera.

Ndinachoka pa khomo paja, ndinakatenga kalata imeneyo, ndinabwerera. Ndinati, "Alhaji, ndisanalumbire ndiloleni ndiwerenge kalata imene mwana wanu anandilembera." Achimwene anati, "Uwani." Sindinaime. Ndinawerenga ndi mawu omwe aja ndimawerengera kwa Hajiya Marka: "Makina anga osokera akakhala chete masana..."

Sindinamalize. Kuseri kwanga, m'bwalo la Mayi, amayi anamaliza okha, onse pamodzi, motsitsa ngati ana a ku madrasa: "...ndimamva dzina lako likuyendabe m'singano." Munali mawu a Asabe, a alamu a Kande, a akazi awiri aja a Alhaji, ndipo okwera kuposa onse anali a azakhali ake a Nafi'u, amene ndinkayesa sadziwa kanthu.

M'chipinda cha amuna Alhaji anafunsa Nafi'u kuti, "Makina ati? Iwe uli ndi makina?" Ndinasuzumira pambali pa nsalu. Ndinadikira kuti anene liwu limodzi lokha, kuti inde ndinakopera, ndinkamukonda ndipo ndinalibe mawu anga. Akanatero ndikanamutsatira ngakhale m'khumbi la mbuzi. Iye anati, "Dzanja limenelo si langa."

Pamenepo ndinapereka kalatayo kwa Achimwene kudzera pansi pa nsalu, ndipo ndinati, "Ndinawerenga. Zaka zitatu ndakhala ndikuwerenga. Mkulu wanga sananame, ndipo sindilumbira."

Masutikesi anabwera kudzawatenga Lolemba. Ndinawathandiza kunyamula mpaka pa chipata. Achimwene sanandimenye ndipo sanandikalipire, koma chichokereni tsiku limenelo sanandilankhule. Kalata yanu itafika anaiwerenga, anamasula mtolo wa masamba munadula aja, anakhala nawo pamiyendo nthawi yaitali. Kenako anauza alamu a Kande kuti kalata yopepesayo aiponye pa moto, palibe amene aiwerenge.

Ikanafika pa nthawi yake, Lachisanu likubwerali bwenzi ndili mkwatibwi. Ndaziganizira kwambiri zimenezi. Musandilembere kuti Mulungu wandipulumutsa, kapena kuti ndidzapeza wina woposa. Mwina n'zoona, koma lero sindikufuna kuzimva. Ndimalira tsiku lililonse, ndipo chondichititsa manyazi n'chakuti ndikumufunabe. Inunso sindinakukhululukireni konse. Zidzabwera, koma musandifulumize.

Tsopano mverani, chifukwa ulendo uno ndine ndikulamula. Makope asanu aja mubwezere kwa wotayipa mawa lomwe. Amayi a kuno apirira zambiri chifukwa cha Dije, sangamusiye pa chipata. Hajiya Marka akuti chitseko chapakati chakhomedwa koma khoma la kumbali ndi lalifupi.

Ndipo pa tsamba loyamba mubwezeretse dzina langa. Nthawi ija munaliika osandifunsa. Tsopano ndikukuuzani ndine mwini wake. Mulembe lonse, Uwani mwana wa Malam Tukur wa ku Gumel, ndipo muwauze osindikiza asalilembe ndi tizilembo tating'ono. Ndalilipira ndi ukwati wanga.

Ine mng'ono wanu,
Uwani